Chiwerengero cha Akatswiri ndi Lichero la ku Nsaru

Pali mwambo wina wa anthu ophunzira umene ndakhala ndikuulingalira kwa nthawi ndithu, ndipo ndafuna kuti tiuonere limodzi, inu anzanga ndi inu aphunzitsi athu. Mwambowu ndi wowerenga kuti kodi pepala limene katswiri analemba latchulidwa kangati m'mapepala a akatswiri anzake. Kumudzi kulemera kwa dzina la munthu kumaoneka pa unyinji wa odzakhuza maliro ake, koma m'sukulu za ukachenjede kumaoneka pa chiwerengero chimenechi. Amene anakhazikitsa mwambowu ndi Eugene Garfield wa ku America, yemwe mu 1964 anatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Mu 2005 Jorge Hirsch anawonjezapo muyeso wake: munthu amene ali ndi mapepala 20, lililonse lotchulidwa ka 20 kapena kupitirira, muyeso wake ndi 20. Masiku ano ntchito, kukwezedwa pa udindo ndi ndalama za kafukufuku nthawi zambiri zimalondola manambala amenewa.

Ine chiwerengerochi sindidana nacho, pakuti kawirikawiri chimaloza munthu amene anakhetsadi thukuta. Titenge Aziz Sancar. Iyeyu anabadwa mu 1946 ku Savur, kaboma kakang'ono ka m'dziko la Turkey, kwa makolo osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ataphunzira udokotala ku Istanbul anabwerera kukachiza anthu a dera la kwawo, kenaka anawoloka nyanja nakatenga digiri yake ya PhD ku Dallas mu 1977. Atachoka uko anayamba walembedwa ngati wothandizira chabe m'chipinda choyesera zinthu ku Yale, ndipo mu 1982 anakakhazikika ku Chapel Hill. Zaka zonsezi funso lake linali limodzi: kodi thupi limakonza bwanji DNA ikawonongeka?

DNA ndi kaulusi kopota pawiri kamene kali m'maselo athu, kolembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, ndipo ndimo muli malangizo onse a kapangidwe ka munthu. Anthu ankayesa kuti kaulusi kameneka ndi kolimba ngati mwala, mpaka Tomas Lindahl wa ku Sweden anaonetsa, kuyambira mu 1972, kuti selo lililonse limataya zilembo pafupifupi 10,000 pa tsiku popanda choliputa. Onjezanipo dzuwa, utsi wa fodya ndi poizoni wa m'zakudya. Tikadali moyo chifukwa m'selo muli amisiri ang'onoang'ono osagona tulo. Mu 1983 Sancar anaonetsa kuti m'mabakiteriya amisiriwa akapeza malo opindika amadula uku ndi uku, nachotsa kachidutswa ka zilembo 12 kapena 13, kenaka n'kusokapo chigamba poyang'ana ulusi wa mbali inayo umene uli bwino. Pambuyo pake anapeza kuti mwa munthu kachidutswako kamakhala ka zilembo pafupifupi 30. Mu 2015 Sancar, Lindahl ndi Paul Modrich analandira mphotho ya Nobel kaamba ka ntchito ya kukonza DNA, ndipo mapepala awo atchulidwa masauzande ambirimbiri.

Tsono wina afunsa kuti, nanga zimenezi zikukhudzana bwanji ndi ife? Zikukhudzana ndi ife pa mtedza. Kwathu ndi cha ku Nsaru, ndipo aliyense wokulira kumeneko, ku Kabudula, ku Nambuma kapena ku Namitete adziwa kuti mtedza ndiwo fizi, ndiwo sopo, ndiwonso ndiwo. Adziwanso chuku, nkhungu ija imagwira mtedza ukauma mochedwa kapena ukasungidwa pa chinyezi. Poizoni wa chuku anadziwika mu 1960, pamene nkhukutembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Anamutcha aflatoxin potsata dzina la nkhunguyo, Aspergillus flavus. Poizoniyu akafika m'chiwindi amasandulika nakakamira pa chilembo G cha DNA. Amisiri aja a Sancar amayesetsa kumudula, koma akachuluka ena amatsalira, ndipo selo likamagawikana G uja amalowedwa m'malo ndi T.

Mu 1991 magulu awiri a akatswiri anasindikiza m'magazini ya Nature zimene anapeza mu khansa ya m'chiwindi. Gulu lina linayesa odwala a ku Qidong m'dziko la China, ndipo lina, lotsogozedwa ndi Mehmet Ozturk, linayesa odwala a kummwera kwa Africa kuno. Onse anapeza chilema chimodzimodzi pa malo amodzimodzi, malo a 249 a jini yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kuletsa selo lowonongeka kuti lisaswane. G anali atasanduka T. Mlonda akafa, akuba salowera pa zenera. Ndipo munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B ngozi yake imakula kwambiri. Katemera wa kachilomboka anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002, kotero ambiri obadwa chisanafike chakacho anakula opanda iye.

Mapepala awiri amenewa nawonso atchulidwa kosawerengeka. Komatu taonani zimene zimachitika pa lichero. Amayi anga, monga amayi ambiri a kwathu, amasankha mtedza mwaluso kwambiri. Wonenepa ndi wosalala umalowa m'thumba lopita kwa mavenda, pakuti ndiwo uli ndi mtengo. Wosweka, wamphwephwa ndi wofiirira umatsala pakhomo, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro zotendera nkhwani ndi zothira m'phala la mwana. Palibe amene angawadzudzule, pakuti kutaya chakudya m'nyumba ya mlimi ndi tchimo, ndipo nsinjiro zikasinjidwa sizioneka chilema. Kukazinga ngakhale kuwiritsa sikumutha poizoniyu. Palinso chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ndipo chuku chimakondwera nacho. Maiko a ku Ulaya amakana mtedza wodya anthu ukapitirira magawo 4 a poizoniyu pa magawo 1,000,000,000 alionse. Chotero wa ku Ulaya ali ndi lamulo lomutchinjiriza, wa m'tauni amagula wosankhidwa, ndipo mlimi mwini wake ndiye amadya zotsalira.

Munthu mimba ikatupa ndi maso kuchita chikasu, kumudzi nkhani imayamba kulowera kwa asing'anga, ndipo pomafika ku chipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel ku Namitete nthawi imakhala itatha. Munthu wotereyu m'kaundula wa Garfield mulibe. Odwala aja amene ziwindi zawo zinapereka umboni wa 1991 nawonso salandirapo kanthu pepalalo likatchulidwa. Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Chiwerengero chimatiuza kuti akatswiri angati amva, koma sichitiuza kuti miphika ingati yasintha.

Si kuti kwathu kulibe ofufuza. Pa Chitedze, pamsewu womwewo wa ku Mchinji umene timadutsa popita kumudzi, pakhala pakuchitika kafukufuku wa zaulimi kuyambira mu 1948, ndipo bungwe la ICRISAT linafikapo mu 1982 kudzagwira ntchito ya mtedza. Limbikani Matumba, amene wafufuzira ku Chitedze ndi ku LUANAR, walemba mapepala ambiri otchulidwa ndi akatswiri a maiko ena. Anaonetsa kuti poizoni wa chuku amapezeka mu mowa wa masese ndi m'chiponde cha m'sitolo, ndiponso kuti kusankha chimanga ndi manja kumachotsa gawo lalikulu la poizoniyo. Nzeru imeneyi sifuna makina. Ifuna wina woti akaifotokoze pa chigayo, ku tchalitchi ndi ku sikelo ya ana, m'chinenero chimene amayi amaganizira. Koma wophunzira amene angachite zimenezi muyeso wake wa Hirsch sukwera ngakhale ndi 1, ndipo pa tsiku lokweza anthu pa udindo palibe amene adzamufunsa.

Ndiye pempho langa ndi lapawiri. Kwa anzanga ophunzira sayansi, tengerani khama la Sancar, amene anakhala pa funso limodzi zaka zoposa 40, ndipo lembani mapepala oti dziko liwatchule. Koma pa pepala lililonse la Chingerezi lembaninso tsamba limodzi la Chichewa loti mlangizi wa ku Mpingu akaliwerenge pa msonkhano: mtedza uume msanga, usawazidwe madzi, usungidwe m'makoko pa malo ouma, ndipo wachuku usalowe mu mtondo. Kwa inu aphunzitsi amene mumakhala m'makomiti oyesa ntchito za anzanu, tsamba limenelo muzilifunsa ndi kuliwerengera pamodzi ndi manambala aja.