Duwa la Imvi Pansi pa Miombo

Ife a ku Chilenje timakwera basi kupita ku Woodlands osakumbukira kuti dzina limeneli likunena za nkhalango. Kale dera lonseli linali la miombo, ndipo pansi pa mitengoyo pankamera duwa limene ambiri mwa ana athu sanalionepo.

Akatswiri a zomera amalichula Clematis villosa. Mabuku akale amati Clematopsis scabiosifolia, koma mu 2000 katswiri wa ku Kew, Richard Brummitt, analibwezera ku mtundu wa Clematis. Ndi la banja la Ranunculaceae. Abale ake ambiri amayanga m'mitengo, koma ili limaima lokha, tsinde lake laubweya, msinkhu wofika m'ciuno mwa munthu.

Limamasula pakati pa dzinja, litazyolika ngati mai wogwada pa nthawi ya Misa. Masamba anai okhuthala, oyera kapena ofiirira pang'ono, amene timawayesa duwa, kwenikweni ndi cikuto cimene cinaphimba mphukira. Duwa lenileni ndi tiulusi tambirimbiri tam'kati. Cikuto cikayoyoka, mutu umadzuka, ndipo njere iliyonse imamera mcira wautali wonga nthenga, mpaka comera conse cifanane ndi gogo wa imvi wosapesa. Mphepo ndiyo imafesa njerezo.

Tisanyengedwe ndi kukongolako. Madzi a masamba ake amaocha khungu ndi m'kamwa, conco ana asamatafune.

Cimene cimatigwira mtima cili pansi pa nthaka. Tsinde limauma mvula ikatha, moto wa m'chire umapsereza zonse, koma muzu wake wolimba ngati mtengo umagona osapsa, nuphukanso mvula ikagwa. Moto linauzolowera. Cimene silingathe kupirira ndi khasu lozula zitsa ndiponso simenti. Malo a nyumba akagawidwa, monga taonera ku Chalala, muzu umene unapulumuka moto zaka zambiri umatha m'mawa umodzi. Sitikudzudzula womanga, pakuti tonse tifuna denga. Koma kusesa bwalo mpaka poyera, ngati kuti comera ciliconse cosabzalidwa ndi udzu, ndi cizolowezi cathu cabe.

Mu 2015, caka cimene Papa Francis analemba Laudato Si', boma linatsegula Lusaka National Park kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda, kumene mitengo yacilengedwe idakalipo. Mphakati kapena gulu la acinyamata lofuna kulifunafuna duwali liyambire kumalo otere, m'Januwale kapena m'Febuluwale, ndipo liyende pang'onopang'ono, maso pansi.