Bwato la pa Simenti

Ku Kalingalinga kulibe mtsinje. Madzi ambili amene timaona ndi a mvula akadzala m'njila mu Januwale, ndi tumadamu twa Goma mkati mwa mpanda wa UNZA, kumene palibe angakulole kuikamo bwato. Koma ine kwa miyezi isanu ndi itatu ndinali wopalasa bwato, mpaka ndinang'alula nthiti pouma, pa simenti.

Makinawo anabwela mu jimu yathu kumayambililo kwa 2024. Ndikati jimu musaganize za magalasi ndi nyimbo zija za ku East Park. Ndi kacipinda ka malata kuseli kwa shopu ya owelda pafupi ndi Alick Nkhata Road, ndipo zonyamula zambili ndi simenti youmila m'zitini za penti. Ba kochi anagula makinawo kwa mzungu wina wa ku Kabulonga amene anali kubwelela kwawo. Pambali panalembedwa kuti Concept2. Umakhala pa kampando kotelela pa njanji, umamanga mapazi, n'kukoka cogwilila ca pa cheni. Cheni imazungulitsa fani, fani imalimbana ndi mphepo, ndipo kasikilini kamakuwelengela mamita amene bwato lako losaoneka layenda.

Caka cimeneco mvula inakana, boma linalengeza cilala kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti anayamba kubwela ngati mlendo. Makina othamangilapo anangokhala poyanika mataulo. Koma bwato silifuna malaiti, kasikilini kake kamayendela mabatile. Tinali kuseka kuti Zambia yonse yauma, ife tokha ndife tikali pamadzi.

Ndinalikonda mofulumila. Masana ndinali kuthandiza owelda, kunyamula mageti ndi mafelemu a zitseko, kupala zitsulo ndi galainda malaiti akapezeka. Pa nchito imeneyo palibe amakuuza ngati lelo wacita bwino kuposa dzulo. Makina aja anali kundiuza. Mtunda wa mpikisano weniweni, ngakhale ku Olympics, ndi mamita 2,000. Tsiku loyamba ndinatha mphindi zopitilila zisanu ndi zinayi, ndinatsika miyendo ikunjenjemela ngati ya mwana wa mbuzi. Pofika mu Ogasiti ndinali pa 7:14, ndipo ba kochi analemba ndi choko pakhoma kuti woyamba kutsika pansi pa 7:00 adzaloŵa jimu mahala caka cathunthu. Tinatsala aŵili oyandikila, ine ndi mnyamata wina wamtali wa ku Mtendere.

Ba kochi anali ndi nkhani zawo zotikoka nazo. Anatiuza kuti mu 1910 mpikisano wa dziko lonse wa opalasa unacitikila pa Zambezi ku Livingstone, Richard Arnst wa ku New Zealand n'kugonjetsa Ernest Barry wa ku England. Anatiuzanso za Antonia van Deventer, amene anapalasila Zambia. Ine, amene sindinakwelepo bwato cibadwile, ndinayamba kugona ndikuona Zambezi.

Colakwa cinali canga. Pambali pa fani pali kacitsulo kocokela pa 1 mpaka 10, kamene kamatsegulila mphepo. Ine ndinali kukaika pa 10 nthawi zonse, poganiza kuti mwamuna weniweni amakoka colema. Ba kochi anandiuza kangapo kuti nditsitse pakati, ndiponso kuti mphamvu ya wopalasa imacokela m'miyendo, manja amangomalizitsa. Akatembenuka ndinali kukabwezela pa 10. Ndinali kupalasa masiku onse asanu ndi aŵili, kuseni ndi madzulo, pakati pake ndikunyamula mageti.

Ululu unayamba ngati kabaya kakang'ono kumanzele, m'munsi mwa khwapa. Ndinati ndi nyama cabe, ndinapaka mankhwala otentha aja, ndinamwa Panadol, ndinapalasa. Patapita sabata ziŵili ndinayetsemula m'minibasi ndipo ndinakuwa mpaka kondakita anaima kulandila ndalama. Usiku kutembenuka pa mphasa kunafuna kupangana kaye ndi thupi. Kuseka kunali kowawa kuposa zonse, ndipo anzanga atadziŵa anayamba kundiseketsa dala.

Ku cipatala ekiselo sinaonetse kanthu. Ndinasangalala, koma mzimai amene anandipima anakanikiza cala pamalo amodzi ndipo ndinalumpha. Anandifotokozela kuti fupa si citsulo cakufa. Ukaligwilitsa nchito limacita timing'alu tosaoneka, ndipo ukapuma thupi limatimata n'kulilimbitsa kuposa kale. Ukapanda kupuma, timing'aluto timakumana n'kukhala mng'alu umodzi. Kwa opalasa zimakonda kucitika ku nthiti, cifukwa minofu imazikoka uku ndi uku kambilimbili pa tsiku, ndipo masabata oyamba ekiselo nthawi zambili siiona. Nthiti saiika pulasitala. Mankhwala ake anali masabata asanu ndi limodzi osapalasa, osanyamula colema.

"Nanga nchito?" ndinafunsa.

"Mufuna masabata six manje, olo miyezi itatu pambuyo? Sankhani mweka," anatelo, akulemba kale khadi la wina.

Za makina ndinali kuziyembekezela kuti zidzandipweteka mtima. Cimene sindinaganizile ndi mpopi. Kwathu madzi timatunga ndi zigubu za malita 20, ndipo kuyambila ndili ndi zaka khumi ndi zinayi zigubu zinali zanga. Tsopano mlongo wanga wa giledi 9 ndiye anali kubwela nazo, cimodzi pamutu, cina akucikoka, ine mnyamata wa mapewa otambalala nditakhala pa sitolo pakhomo. Bala langa silinali kuoneka. Wothyoka mwendo ali ndi pulasitala yomulankhulila, anthu amamupatsa mpando m'basi. Ine ndinalibe ngakhale bandeji. Amai ena oyandikana nafe anadutsa n'kunena mokweza kuti, "Ma gym aya, kunyamula simenti akwanisa, koma cigubu ni colema." Mu komboni munthu wokhala pansi masana amakhala kuti waledzela, wacotsedwa nchito, kapena ndi waulesi. Dzina lacinayi kulibe.

Ndiyeno pali amai anga. Amai amaphwanya miyala m'mbali mwa mseu kwa zaka zambili kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo. Amakhala pansi miyendo itatambasuka, nyundo m'dzanja, kugogoda kucokela kuseni mpaka dzuŵa litapendeka, kudikila wina womanga nyumba adzagule wilibala imodzi. Msana wawo unayamba kale kuwawa, madzulo amadzuka pogwila khoma. Palibe anawalembelapo masabata asanu ndi limodzi. Ine ndinadzipweteka pa maseŵela, pothamangitsa nambala ya pa kasikilini, ndipo ndinali kudya nsima yogulidwa ndi msana umenewo uku ndikupuma. Ndalama ya kwa owelda inaima tsiku lomwe ndinaleka kunyamula. Nsima imeneyo inali kundikakamila pakhosi.

N'cifukwa cake pa tsiku la 16 ndinabwelela. Ndinganame kuti ndinapita kukapempha nchito yopepuka, koma ndinapita ku bwato. Ndinamva kuti wa ku Mtendere wafika pa 7:05. Ululu unali utacepa, ndinali kutsokomola bwinobwino, ndinadziuza kuti ndacila msanga cifukwa ndine wolimba. Ndinasankha nthawi imene ba kochi amapita kukatenga mwana kusukulu. Mamita 500 oyamba anali okoma ngati madzi ozizila. Ndisanafike pa 900 cinacake cinandibaya m'mbali, cogwilila cinandipulumuka n'kukamenya fani. Ndinakhala pamenepo mapazi ali omangidwa, ndikupuma timpweya tating'ono ngati nkhuku ya m'dzuŵa.

Ba kochi anandipeza conco. Sanakalipe. Anamasula mapazi anga okha, anacotsa mabatile m'kasikilini n'kuwaika m'thumba la thalauzi.

"Mwaice, ukabwela na pepala ya ku cipatala nizakubwezela. Apa tiyambilenso kupenda kucoka pa wanu."

Masiku 16 aja anapita pacabe. Kunyumba sindinanene, koma amai anaona mmene ndinakhalila pansi. Usiku umenewo anandiitana kuseli kwa nyumba kumene anali kusamba m'manja, ndipo anandionetsa dzanja lawo lamanja. Cala capakati n'cokhota, sicipindika. Ndinali kuciona moyo wanga wonse osafunsa. Anati nyundo inaciphwanya ine ndili kumsana, anacimanga ndi kansalu n'kubwelela pa miyala m'maŵa mwake, cifukwa kunalibe wina wobweletsa cakudya.

"Ine ndinalibe wondipumitsa," anatelo. "Iwe uli naye. Ukafuna kundilipila, khala pansi."

Ndinakhala. Sindinganene kuti ndinapeza mtendele, masiku ambili ndinali wokwiya. Koma kukhala pansi kunapezeka kuti kuli ndi nchito zake. Ndinaloledwa kuyenda, conco kuseni kulikonse ndinali kutsika ndi Kamloops Road n'kubwelela, manja ali m'thumba. Ndinaphunzila kuphika ndiwo zosapselela. Ndinakhala pa mulu wa miyala ya amai kuŵelenga mawilibala ndi kukambilana mitengo ndi ogula, ndipo ndinapeza kuti pakamwa panga pamagulitsa bwino kuposa pawo, cifukwa iwo amamvela cisoni aliyense. Mlongo wanga ndinali kumuthandiza masamu posinthana ndi zigubu, ngakhale iye amati malonda amenewo anamudyela.

Wa ku Mtendere anatsika pansi pa 7:00 mu Okutobala. Ndinamva kukuwa ndili panja pa jimu. Ndinaloŵa kukamugwila dzanja, ndipo zinandiwawa kuposa nthiti.

Pepala la ku cipatala ndinabwela nalo mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Ba kochi analiŵelenga kaŵili, anabwezela mabatile, anaika kacitsulo pa 4 n'kuimilila pomwepo kuti ndisakagwile. Anandipatsa mphindi khumi cabe, pang'onopang'ono, kenaka masiku aŵili osabwela. Kasikilini kanaonetsa nambala imene mu Ogasiti ndikanacita nayo manyazi. Nditatsika ndinapita ku mpopi, kumene mlongo wanga anali pa mzele ndi zigubu ziŵili. Ndinanyamula cimodzi. Cinaco anakana kundipatsa.