Mtengo wa mango ndi nsanja ya pa Mpingwe

Mnyamata wodzatilumikizira intaneti kwathu ku Bangwe anakwera padenga, nayang'ana cha kuphiri la Mpingwe, n'kupukusa mutu.

"Akulu, pano palibe line of sight."

Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. "Akuti palibe chiyani, iwe?"

Ine amene ndimadyera cholembera, ine wa dipuloma, ndinayamba chibwibwi. Ndinati pambalambanda, koma ndinadzimva ndekha kuti ndaphonya. Pambalambanda ndi pabwalo la mpira, kapena pomwe mbala yagwidwira anthu onse akuona. Mawuwa satchula kuti woyang'anayo waima pati. Ndinayesa poonekera, nawonso anapelewera.

Chimene Angerezi amanena ndi ichi: mutakoka chingwe kuchokera pamene mwaima kukafika pa chimene mukuchifunacho, chingwecho chiongoke osakhudza kanthu. Mafunde a wailesi ya FM ndi a tinsanja ta intaneti amayenda chomwecho, ngati kuwala kwa tochi. Sadziwa kuzungulira phiri. N'chifukwa chake nsanja zimakhala pamwamba pa Mpingwe, Zomba ndi Dedza. Shortwave, imene agogo ankamverera BBC, inali ina: inkakagunda kumwamba n'kubwerera pansi, choncho phiri silinkaiopsa. Ngakhale panyanja, popanda mtengo kapena chulu, dziko lenilenilo limatchinga poti n'lobulungira. Mukaima m'mphepete mwa madzi ku Senga Bay, maso anu amathera pa makilomita pafupifupi 5. Bwato likapitirira pamenepo limayamba kubisika m'munsi.

Zonsezi ndinawafotokozera amayi, manja ali m'mwamba ngati mlaliki wa pamsika. Iwo sanadzutse n'komwe mutu palichero.

"Bwanji osangonena kuti sizikuonana?"

Abale, manyazi anandigwira! Kuonana. Ka "na" kameneko kanyamula zonse zimene ndinathera thukuta: ngati mbale ya padenga ikuona nsanja, nsanjanso ikuona mbaleyo. Chingerezi chafuna mawu atatu, koma sichinenabe poyera kuti nkhaniyi ndi ya awiri.

Tsono chotchingacho chinali mtengo wa mango umene malemu bambo anadzala chaka chimene ine ndinabadwa. Mnyamata uja anati tingosadza nthambi zitatu zakumwamba, basi. Kunena zoona, ine ndinali nditayamba kale kuganiza kobwereka chikwanje, pakuti nkhani zanga ndimatumiza pa intaneti ndipo mkonzi sadikira munthu.

"Mwananga," amayi anamuuza mnyamatayo, "tsika. Mtengo umenewo unafika pano mbale yakoyo isanabadwe."

Tinagula paipi yaitali, n'kuimika mbaleyo pamwamba pake kuti isuzumire kuseri kwa masamba. Ndalama ya ndakatulo ziwiri inathera pomwepo. Zinaonana ndithu.

Koma mtengo sunasiye kukula. Mvula ikagwa, masamba n'kunyowa, intaneti imayamba kutsimphina. Dzulo ndakweranso padenga kukayang'ana: kwatsala mwina dzanja limodzi kuti nsonga ifike pa mbale ija. Amayi sindinawauze.