Njira ya ku Udokotala

Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zitatuluka, mtsikana wina wa ku Chonde adakhala pakhonde, chikalata chosankhirapo yunivesite chili m'manja. Chimwalirireni amake pobereka, mtima wake udali pa udokotala.

"Mwanawe, lemba ku Zomba," adatero amalume ake. "Madokotala ambiri adadzera ku Chancellor College."

Amalumewo sadaname. College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ophunzira ankayamba aphunzira sayansi ku Zomba. Koma njirayo idasintha. Kuyambira 2021 sukuluyi ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo wotsiriza Folomu 4 amaisankha mwachindunji.

Poti safunsa adadya phula, mtsikanayo adakafunsa aphunzitsi ake akale. Pobwerako adagwada nati, "Pepani amalume, ndalemba ku Blantyre."