Gitala ndi nyemba za pa mbaula

Palibe anandiuzapo kuti nyimbo zambiri zimene tinakula nazo zimayenda pa makodi atatu okha: C, F ndi G. Ukawagwira atatuwa, kwela ukumutha, nyimbo za kukwaya ukuzitha, ngakhale zina za pa ukwati. Ine ndadziwa zimenezi chaka chino, ndili ntchembere ya ana atatu yogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, ndipo chidziwireni mtima wanga suli m'malo.

Gitala imene ndikuphunzirira ndi ya alamu anga, anaisiya kwathu popita ku Johannesburg. Inangokhala pamwamba pa wadirobu mpaka mnyamata wina wa kukwaya kwathu ataimangira nsambo zatsopano, n'kuichuna, n'kundisonyeza poika zala. Zikhadabo za dzanja lamanzere anati ndiwenge zonse, apo ayi nsambo sizilira. Ndinawenga. Nsonga za zala zinatuluka matuza, kenako zinauma. F yekha ndi wankhanza, mpaka pano amandilirira mwa chimfine. Koma tsiku limene dzanja linachoka pa C kupita pa G osaima panjira, ndinakuwa ndekha kukhitchini, mwana wamng'ono n'kuthamangira poyesa ndapsa.

Nanga nthawi mumaipeza kuti? Anzanga akuntchito amafunsa zomwezo, ena mwansanje, ena mwachipongwe. Loweruka musalidalire. Loweruka ndi la kuchapa, la chinkhoswe, la kukapepesa maliro, ndipo Lamulungu mwini wake alipo. Ndikanadikira tsiku lopanda chochita, gitala ikanabwerera pa wadirobu. Nthawi yanga ndinaipeza mu mphika wa nyemba. Nyemba zouma pa mbaula zimatha maola awiri, ndipo sizifuna kanthu kwa munthu koma kuthira madzi ndi kusonkhezera makala. Kale maola amenewo ankathera pa foni, kuwerenga mikangano ya m'magulu a WhatsApp. Tsopano ndimakhala pa kampando pafupi ndi mbaula, gitala pamiyendo, khutu limodzi ku mphika. Banja lathu silinadyepo nyemba kawirikawiri ngati chaka chino, ndipo ana ayamba kudandaula.

Magetsi akazima ndiye phwando. TV ili zii, homuweki yatha ndi tochi, onse amabwera pakhonde. Wamkulu amaimba ng'oma pa chigubu. Bambo a kunyumba poyamba ankangoti, “Mayi a ana, ukalamba uno mukufuna mukaimbe ku bala?” Pano ndi iwo amaitanitsa nyimbo, ndipo tsiku lina ndinawapeza akutsuka mbale kuti ndisadukize. Zimenezo zokha zikanandikwanira.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti makutu anga atseguka. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, ndinkamumva pa wailesi ngati nyimbo za makolo basi. Pano ndikamvetsera ndimadabwa kuti chala chachikulu chikuyendetsa besi pamene zinazo zikuimba zawo, munthu mmodzi kumveka ngati awiri. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, koma banjo yake sinkaphonya. Anyamata a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe yomweyi, wina gitala ya nsambo zinayi, wina babatoni wa nsambo imodzi wopanga okha, mpaka anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017. Ine yanga ili ndi nsambo zonse zisanu ndi imodzi, ndiye ndidandaule chiyani? Ndipo agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930 ku Chiradzulu, Linny Hoo yawo inagwedeza TikTok ali ndi zaka zopitirira 90. Amene amati ndachedwa akambirane ndi agogowo.

Ku Zanzibar sindidzapitako, ndipo sindikufunako. M'mawa minibasi ikundidikira, ripoti la kumapeto a mwezi likundidikira, yunifolomu za ana sizidzisita zokha. Komabe pa tsiku pali kanthawi kamene sindili mayi wa uje kapena akalaliki a bwana uje, ndili munthu amene akulimbana ndi F. Amayi anzanga amene muli ndi makina osokera ofundidwa nsalu, kapena kope la ndakatulo pansi pa sutikesi, musadikire kuti ana akule. Mawa phikani nyemba.