Za Kuseri kwa Cithunzithunzi

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kamene ambiri akayesa kacabe, ndiko mapepala akale a zithunzithunzi amene agona pansi pa masutikesi ndi m'mabokosi m'nyumba zathu. Ndipo m'kati mwa nkhaniyi tidzaulula kulakwa kwathu, pakuti sikuyenera mphunzitsi kulangiza ena asanayambe wadzilanga yekha.

M'nyumba mwathu muli citini cakale ca mabisiketi cimene anatisiyira atate athu, iwonso anacilandira kwa atate ao. Cibvundikiro cace cinacita dzimbiri kale, kotero kuti pocitsegula tiyenera kucikanula ndi mpeni. M'katimo muli makhadi a pa positi ocokera ku Joni ndi ku Harare, makhadi a Khrisimasi, mapepala ong'ambidwa m'manyuzipepala olengeza malonda, ndi zithunzithunzi za anthu. Pamene tinali ana sanatilole kucikhudza. Titakula tinaciiwala, ndipo cinakhala zaka zambiri pamwamba pa kabati.

Cimene cinatikumbutsa ndi mlendo. Tsiku lina anafika pa sukulu pathu munthu wa ku tauni wobvala bwino, nati alikufuna masitampa ndi makhadi akale, pakuti kuli anthu ku maiko a kutali amene asonkhanitsa zotere, nazigula pa intaneti. Tinamlandira, tinampatsa mpando, ndipo tinatsitsa citini cija. Tinazizwa poona nzeru zace. Iye anatiuza zimene ife aphunzitsi sitinazidziwe, ndipo pambuyo pace tinapeza kuti ananena zoona: kuti khadi loyamba la pa positi linaturuka ku Austria m'caka ca 1869, lopanda cithunzi konse, ndi kuti kufikira 1902 a positi a ku Britain sanalole kulemba uthenga pa mbali ya keyala, koma caka cimeneco analola kudula mzere pakati, keyala kwina, uthenga kwina, ndipo mbali yinayo inatsala yonse ya cithunzi. Cotero Azungu okhala m'dziko lino anayamba kutumiza kwao zithunzithunzi za phiri la Mulanje, za sitima za pa nyanja, ndi za chalichi cacikuru ca ku Blantyre. Anationetsanso kuti sitampa iulula msinkhu wa khadi: yolembedwa British Central Africa ndiyo ya masiku aja dziko lisanachedwe Nyasaland m'caka ca 1907, yolembedwa Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi ndiyo ya Citaganya, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, ndipo dzina la Malawi liyamba m'caka ca 1964.

Koma tinaona cinthu cimodzi. Mlendo uja anatembenuza khadi liri lonse, napenyetsa sitampa ndi cidindo ca positi, nayesa ngondya zace ndi cala ngati zapindika. Koma maso ace analumpha mau olembedwa pomwepo, ngakhale anali m'cinenero cace comwe. Khadi lina analiika padera, nati liribe mtengo cifukwa ciswe cinadya m'mphepete. Ndilo khadi limene ife sitikanaligulitsa ngakhale ndi ng'ombe.

Linacokera kwa atsibweni ao a atate, amene anagwira nchito m'migodi ya golidi. Kumaso kwace kuli mzinda wa Johannesburg: nyumba zosanja zofika kumitambo, mseu wotakata, magalimoto, ndi thambo loyera. Kuseri kuli mau owerengeka a pensulo. Apereka moni kwa alongo ao, afunsa ngati bulangete linafika, apempha kuti anyamata afolere nyumba ya amai mvula isanagwe. Ndipo kunsi, m'malemba ang'ono ngati a munthu wocita manyazi, anena kuti cifuwa cikuwabvuta pang'ono, koma asauze amai. Taonani, abale, kusiyana kwa mbali ziwirizi. Mzinda wa pa cithunziwo iwo sanakhalemo. Anagona m'komboni, nalowa pansi pa nthaka kusanace, napuma pfumbi la miyala limene liononga mapapo. Wojambula makhadi sanatsike kumeneko, pakuti ndani akadagula cithunzi ca mdima? Ku mudzi anthu anapatsirana khadilo dzanja ndi dzanja, nati, Ha, ku Joni nkokoma. Ndipo anyamata ena anauka ndi mtima wa ulendo. Makhadi a ku migodi m'citini cathu alekeza m'caka ca 1974, caka cimene ndege yobwera nao anthu a kwathu inagwa ku Francistown m'mwezi wa Epulo, nafa oposa 70, ndipo Boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Atsibweni aja anali atabwera kale. Anakhala zaka zowerengeka ali cikhosomolere, namwalira.

Sitinagulitse kanthu, ndipo mlendo anatsazika mwaulemu. Komatu sitifuna kuti owerenga athu ayese kuti titsutsa osonkhanitsa makhadi. Iai. Akadapanda iwo, zambiri za dziko lathu zikadatha, pakuti iwo asunga mosamala zimene ife tikulungira usipa ndi kusonkhera moto. Tingonena kuti cimene iwo afuna m'khadi ndi cina, cimene ife tiyenera kufunamo ndi cinanso.

Za makhadi a Khrisimasi sitidzacurutsa mau. Mwambo wogulitsa makhadi otere unayamba ku London m'caka ca 1843, pamene Henry Cole anasindikiza makhadi 1,000. Athuwa anacokera kwa dona wina wa Mishoni atabwerera kwao, ndipo onse aonetsa matalala oyera pa madenga, ndi kambalame ka cifuwa cofiira. Mwana wina m'kalasi mwathu anatifunsa ngati Ambuye anabadwira m'matalala, ndi cifukwa ninji kwathu kuno Khrisimasi ifika ndi matope, mango ndi khasu la kupalira. Tinaseka, koma funso linali labwino.

Mapepala a malonda nawonso aphunzitsa, ngakhale mwini malonda sanafune kuphunzitsa munthu. Pali njinga, makina osokera, sopo, mabulangete, ndi maina a masitolo amene makolo athu anawachula masiku onse, Mandala ndi Kandodo. Ana a lero ambiri sadziwa kuti Mandala ndilo dzina limene anthu anapatsa John Moir cifukwa ca mandala a m'maso mwace, ndi kuti kampani ya African Lakes, imene iye ndi mbale wace Frederick anaiyendetsa, inayamba m'caka ca 1878. Pali pepala linanso limene tinafuna kulitentha: lilengeza mafuta oyeretsa khungu, ndi kuonetsa mkazi wakuda ali wacisoni, ndi mnzace woyera ali kuseka. Tinalibwezera m'citini. Likhale mboni ya cimene amai athu anauzidwa za nkhope imene Mulungu anawapatsa.

Tsopano tifike pa kulakwa kwathu. Pansi peni peni pa citini panali cithunzithunzi comata pa cikatoni. Cionetsa Mzungu mmodzi wokhala pa mpando, ndi amuna khumi ndi awiri oimirira pambuyo pace patsogolo pa sukulu ya udzu. Ena abvala majekete, ena malaya oyera okha. Awiri alibe nsapato, ndipo mmodzi wagwira buku pa cifuwa monga munthu agwira cikopa. Kunsi kwalembedwa ndi inki m'Cingelezi dzina la Mzunguyo, lonse lathunthu. Koma za enawo palembedwa mau awiri okha, otanthauza kuti aphunzitsi a eni dziko. Wacitatu kucokera ku dzanja lamanzere ndiwo agogo athu.

Tinapita naco kwa azakhali athu, amene anali otsala okha a m'nyumba ija. Anacitengera pa khomo pomwe pali kuwala, nacipukuta ndi nsonga ya nsaru yao, ndipo anayamba kuloza ndi cala. Uyu anali wa ku mudzi wakuti, anaimba bwino, ndiye anatsogolera nyimbo pa ukwati wanga. Uyu anali waukali, ana anathawira m'cimanga pomuona. Uyu anapita ku nkhondo, ndipo sanabwere. Anachula anthu asanu ndi anai, maina ndi mifunda yao ndi midzi yao. Naseka, nalira pang'ono. Ife tinamvetsera mokondwa, manja ali pa maondo. Pensulo inali m'thumba la malaya athu. Anatiuza okha kuti, Mwanawe, lembatu, ine ndakalamba. Ndipo tinayankha kuti, Zakhali, tidzabwera ndi kope pa holide, tidzalembe zonse bwino bwino, pakuti tsiku limodzi silioza mbewa. Holide itafika panali mayeso oti ticonge, panalinso msonkhano wa mpingo, ndi fodya kumunda. Cakudza siciimba ng'oma: azakhali anagona tsiku Laciwiri akudandaula mutu, ndipo Lacisanu tinawaika.

Atatha maliro tinakhala pansi ndi cithunzi cija, tinayesa kukumbukira. Mwa asanu ndi anai aja tinapeza anai okha, kuwerengera ndi agogo omwe. Ife amene tinakwiya ndi Mzungu uja cifukwa sanalembe maina a anchito anzace, tinacita comweco. Ndipo iye kapena tingamkhululukire kuti anali mlendo, koma ife tinali mdzukulu, ndi mphunzitsi wolangiza ana tsiku ndi tsiku kuti alembe dzina pamwamba pa pepala.

Kodi dzina ndi kanthu kakang'ono? Werengani Nehemiya mutu 3, ndipo mudzaona kuti wolembayo sanatope kuchula mmodzi mmodzi amene anamanga linga la Yerusalemu, ndi cigawo cimene yense anamanga. Linganizani ndi chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre, cimene cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, ndipo cithunzi cace cinayenda pa makhadi ambiri. Dzina la David Clement Scott, amene anacilingalira, tilidziwa tonse, ndipo ayenera ulemu. Koma ndani wa ife angachule anthu asanu mwa iwo amene anaumba njerwa zace ndi kukwera nazo pamwamba?

Ndipo pamene wojambula ali mwana wa dziko, nadziwa amene aima pamaso pace, zipatso zace zioneka. Pa Mishoni yomweyo ya Blantyre panali Mungo Murray Chisuse, mkuru wa osindikiza mabuku, amene anaphunziranso nchito ya kujambula. Iye anajambula John Chilembwe ndi banja lace, ndi chalichi cace ca njerwa ku Mbombwe. Chalichico Boma la Atsamunda linacigumula ndi zophulika m'caka ca 1915. Koma pepala linapirira kuposa njerwa, ndipo lero mwana ali yense adziwa nkhope ya Chilembwe, pakuti iri pa ndalama zathu. Tisayesenso kuti Boma lidzatisungira zonse: m'caka ca 1919 moto unatentha maofesi akuru a Boma ku Zomba, ndi makalata a zaka zoyamba anapsa. Lero kuli nyumba yosungira makalata akale a dziko ku Zomba komweko, ndipo a Society of Malawi asunga mabuku ndi zithunzithunzi ku Mandala House, nyumba ya mu 1882. Koma iwo sadziwa yemwe aima wacitatu kucokera kumanzere pa cithunzi ca m'sutikesi mwanu. Adziwa ndi gogo uja ali pa mphasa kuseri kwa nyumba yanu.

Cifukwa cace tipempha inu, makamaka aphunzitsi anzathu ndi akuru a mpingo, kuti musatsanze ife. Lembani kuseri ndi pensulo yofewa, osati ndi inki, pakuti inki ilowerera nidetsa nkhope, ndipo musakanikize. Musalembe kuti "Agogo" pokha, pakuti mdzukulu wa mdzukulu wanu adzafunsa, Agogo a yani? Lembani dzina, mfunda, mudzi, mfumu yace, ndi caka ngati cidziwika. Citini cikhale pamwamba, cosatsamira khoma, cifukwa ciswe ndi cinyezi zidzera ku khoma ndi pansi. Ndipo cithunzi copacikidwa pomwe dzuwa liomba cifufuma cokha. Musazimate ndi phala, kapena kuzipereka kwa omata mapepala m'pulasitiki ndi moto, pakuti cikalowa m'menemo sicituruka. Kujambulanso ndi foni nkwabwino, kuti abale a kutali akhale naco. Koma tonse tinaonapo maliro amene anasowa cithunzi conyamula patsogolo pa bokosi cifukwa foni inabedwa kapena inagwa m'madzi.

Tsiku la Mulungu lapitali tinanyamula cithunzi cathu m'kati mwa buku la nyimbo, ndipo ataturuka anthu tinacionetsa kwa okalamba pansi pa mtengo wa mango. Mkuru wina wopuma, amene maso ace ayamba kucita khungu, anacisendeza pafupi ndi mphuno nthawi yaitali, osanena kanthu. Pamenepo anaseka, nati nkhope saiona bwino, koma maimidwe a uyo wogwira buku awadziwa, pakuti anaima comweco pa khomo la kalasi tsiku limene iye anayamba sukulu. Nachula dzina ndi mudzi. Tinalemba pomwepo, cithunzi ciri pa bondo. Za wamtali wa kumapeto anatsutsana ndi mai wina wa Cigwirizano, iye nati ndi uje, maiyo nati iai, ndi mphwace, pakuti mkuruyo anali ndi cipsera pa mphumi. Sanagonjerane kufikira ng'oma ya Sande sukulu inalira. Tinalemba maina onse awiri, ndi cizindikiro ca funso patsogolo pace. Atsala asanu ndi mmodzi, ndipo maiyo anati ku tsidya la dambo kuli nkhalamba yina imene sithanso kuyenda kudza ku mapemphero; tapangana kuti Loweruka atiperekeze.