Mlendo Wodandaula wa pa Chintheche

Chintheche ali m'mbali mwa nyanja, pa mtunda wa makilomita ngati 40 kumwera kwa doko la Nkhata Bay. Mchenga wake ndi woyera ngati ufa, ndipo madzi ake ndi oyera kotero kuti munthu amaona nsomba ali m'bwato. Eni dziko ndi Atonga, anthu a kondowole ndi usipa, anthu a malipenga ndi chilimika.

Alendo sanayambe lero kufika pa malo amenewa. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni kuchokera ku Cape Maclear nadzamanga pa Bandawe, ndipo manda a Azungu ena amene anafera pamenepo alipo kufikira lero. M'masiku a atsamunda boma la chigawo chonse linali pa Chintheche, lisanasamukire ku Nkhata Bay. Chifukwa chake Atonga amamudziwa mlendo. Amadziwa kumulandira, amadziwanso kumupenyetsetsa.

Mzungu wina wa ku Mangalande anafika m'chaka cha 2004 kudzaonera chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars, chimene chinachitikira pa Chintheche Inn. Anzake anabwerera kwawo, koma iye mtima unatsalira pa mchenga. Patapita nthawi anabweranso, nakambirana ndi mfumu, napeza malo, namanga timanyumba ta udzu togonamo alendo. Analemba antchito a m'midzi yoyandikana: ophika, ochapa, osamala maluwa, ndi mlonda mmodzi wachikulire.

Poyamba zonse zinali zokoma kwa iye. Makalata ake opita kwawo anali odzaza ndi chiyamiko. Koma pang'onopang'ono nyanja inasanduka madzi wamba, ndipo munthu uja anayamba kudandaula. Anali kudandaula pakudzuka, anali kudandaula pakudya, ndipo madzulo, Azungu anzake akabwera kudzacheza, onse pamodzi anali kudandaula kufikira nyali za asodzi zitadzaza nyanja.

Dandaulo lake loyamba linali la m'sitolo. Pa Chintheche pali magolosale ndi msika. Munthu apeza sopo, mchere, shuga, tomato ndi chinangwa. Koma tchizi, khofi wogaya, ndi zitsulo za makina opopera madzi, munthu ayenera kukazifuna ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 80, wokwera mapiri. Nthawi zina amafika kumeneko napeza kuti chimene watsata chinatha sabata yatha. Tsiku lina anatuma mnyamata kukagula batala wopaka pa buledi. Mnyamata uja anabwera ali kumwetulira, atanyamula nsomba yaitali, pakuti ku Nkhata Bay batala ndi dzina la nsomba. Antchito anaseka, koma bwana sanaseke.

Pa msika amayi ogulitsa akamuona anali kukweza mtengo, ndipo iye anali kuutcha mtengo wa Mzungu. Zinaipa kwambiri m'mwezi wa November 2023, pamene ndalama ya Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo ya zinthu inakwera ngati moto wa m'chilimwe, ndipo katundu wochokera kunja anasowa chifukwa m'mabanki munalibe ndalama zakunja zokwanira.

Dandaulo lachiwiri linali la alendo oona malo, amene ndiwo anali munda wake. Msewu wa M5, umene umatsata nyanja, unali ndi maenje m'malo ambiri, ndipo m'nyengo ya dzinja milatho ina inali kukokoloka. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951, siinali kufika pa ora lake nthawi zonse. Magetsi akazima, nyama inali kuonongeka m'firiji. Anali kukwiyanso ndi anyamata ogulitsa ziboliboli ndi mikanda, amene anali kutsata alendo ake pa mchenga, ndi amayi amene anali kuchapa ndi kutsuka mapoto pafupi ndi pamene alendo anali kusambira. Anaganiza zomanga mpanda wofika m'madzi, koma mfumu inamuuza kuti njira ya kudooko inalipo iye asanabadwe. M'chaka cha 2024 nyanja inadzaza kuposa zaka zambiri za m'mbuyo, ndipo madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo. Timanyumba take tiwiri tinagwa.

Dandaulo lachitatu linali la masiku onse. Iye anali munthu wa wotchi, koma antchito ake anali anthu a dzuwa. Choposa zonse chinali maliro. Pakagwa maliro m'mudzi, theka la antchito linali kuchoka, ndipo iye anali kufunsa mokwiya kuti munthu mmodzi angakhale bwanji ndi amayi atatu ndi abambo anayi. Sanadziwe kuti kwa eni dziko mbale wa amayi ndi amayi, ndipo amene sapita ku maliro a anzake adzasowa womuika.

Dandaulo lachinayi, ndiponso lalikulu, linali la ndale. Anali kunena za ziphuphu, za malonjezo a pa nthawi ya chisankho, ndi za nduna zoyenda pa galimoto zazikulu pamene zipatala zilibe mankhwala. Mawu ake omaliza anali amodzimodzi tsiku lililonse: "Vuto lanu inu anthu a kuno ndi lakuti simudziwa kukana. Mumangoomba m'manja."

Tsono nkoyenera kuyesa madandaulo amenewa pa sikelo, pakuti akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ambiri mwa iwo anali oona. Maenje a pa msewu sanali bodza. Kusowa kwa mafuta sikunali bodza. Ziphuphu zimadya mwana wa msodzi kuposa mmene zimadyera mwini hotela. Munthu wanzeru sataya mawu oona chifukwa chakuti wawanena ndi mlendo wa nkhope yokwinya.

Koma pa mawu akuti anthu a kuno sadziwa kukana, Mzungu uja anaphonya, chifukwa sanafunse mbiri ya nthaka imene anamangapo. Eliot Kamwana, Mtonga, analalikira m'dera lomweli nabatiza anthu zikwi zambiri, ndipo boma la atsamunda linamuopa kotero kuti linamuchotsa m'chaka cha 1909. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa chigwirizano chachikulu cha antchito akuda ku Cape Town m'chaka cha 1919. Pa 3 March 1959 anthu anasonkhana pa doko la Nkhata Bay kukana kuti atsogoleri awo omangidwa atengedwe pa sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anaombera napha anthu osachepera 20. Orton Chirwa, mwana wa boma lomweli, anafera m'ndende ya Zomba m'chaka cha 1992. Ndipo m'chaka cha 2020 makhoti a dziko lino anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu navotanso. Anthu otere sangatchedwe ongoomba m'manja.

Mlendo ayeneranso kudziwa kulemera kwa lilime lake. M'mwezi wa April 2011 kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anapirikitsidwa m'dziko muno kalata yake yachinsinsi yodzudzula Pulezidenti Bingu wa Mutharika itaululika. Kazembe anakwera ndege napita kwawo. Koma pamene Britain inaimitsa thandizo lake la ndalama ku boma m'chaka chomwecho, amene anamva kuwawa anali anthu otsala.

Mlonda wachikulire uja anali kumva zonse ali chete pa mpando wake pafupi ndi chipata. Bwana anali kumuitana kuti "iwe mlonda", ndipo sanafunsepo kumene anayenda. Usiku wina, chakumapeto kwa chaka cha 2024, pamene galimoto zinali kugona pa mizere masiku angapo kudikira mafuta, Mzungu uja anabwera pa chipata nati, "Ndatopa nalo dziko lanu. Ndigulitsa malo ano, ndipite kwathu."

Nkhalamba inayamba yakhala chete, kenaka inati, "Bwana, mundilole ndinene pang'ono. Inenso ndinakhalapo mlendo. Ndinapita ku Joni pa Wenela ndili mnyamata, ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974. Kumeneko ndinadandaula monga inu. Nsima yawo sinali kundikhutitsa, pakuti ndinakulira kondowole. Chisanu chawo chinali kulasa m'mafupa. Dzina langa silinali kudziwika. Ndinali nambala yolembedwa pa chibangili. Malamulo awo anali oipa kuposa a kuno, koma sindinali kunena mokweza, chifukwa wonena anali kumangidwa. Mwana wanga anatsata mapazi anga, ndipo mu 2015 anabwera pa basi ya boma kuchokera ku Durban, atathawa zipolowe, ali ndi malaya a m'thupi okha. Kudandaula si tchimo, bwana. Mlendo aliyense amadandaula. Koma inu muli kudandaula muli ndi pasipoti m'thumba. Mukatopa mukwera ndege. Nanga ophika anu akwera chiyani?"

Mzungu uja sanayankhe. Analowa m'nyumba ali wokwiya, pakuti mawu oona amayamba awawa.

Sipanapite masabata awiri, mlonda anagogoda pa chitseko chake pakati pa usiku. Mpongozi wake, mkazi wa mwana uja wa ku Durban, anali pa chipatala chaching'ono, ndipo mwana anali atakhala mopingasa m'mimba. Anamwino anati apite msanga ku chipatala chachikulu, koma galimoto la odwala linalibe dizilo.

Mzungu uja anali ndi zigubu ziwiri za dizilo zimene anazipeza movutika, atagona pa mzere ku Mzuzu. Anazisungira injini ya magetsi, chifukwa sabata imeneyo anali ndi alendo asanu, oyamba m'mwezi wonse, ndipo firiji inali yodzaza ndi nyama. Akathira dizilo m'galimoto, nyama iola, alendo achoka, ndipo malipiro a antchito asowa kochokera. Anaima pa khomo kanthawi, nyali ili m'manja. Kenaka anati, "Tengani zigubu zija, tithire." Anayendetsa yekha galimoto mumdima, ali kuzemba maenje omwe aja amene anali kuwatukwana masiku onse, namwino ndi apongozi aakazi atagwirizira wodwala kumbuyo. Anafika nthawi ilipo. Madokotala anachita opaleshoni, ndipo kunja kukucha kunamveka kulira kwa khanda.

Pobwerera anapeza alendo ake ataima pa khonde ndi zikwama zawo. Mmodzi anati madzi osamba anali ozizira. Wina anati foni yake inatha moto. Wachitatu anati, "Dziko lotani ili, kumene palibe chinthu chimene chiyenda?" Mzungu uja anamvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mawu ake omwe ali kutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Anawabwezera ndalama zawo, napereka nyama ija kwa antchito isanaonongeke. Mwezi umenewo malipiro anachedwa, koma palibe amene anakang'ung'udza.

Asaganize wowerenga kuti munthu uja anasanduka mngelo. Sanaleke kudandaula, pakuti khalidwe la munthu silitha usiku umodzi, ndipo maenje sanadzikwirire okha. Malo aja sanawagulitse, ngakhale kuti mawu akuti agulitsa anawanenanso kangapo. Koma antchito anazindikira kusintha kuwiri. Koyamba, analeka kunena kuti "iwe mlonda", nayamba kunena kuti "Ada", monga Atonga amaitanira bambo wolemekezeka. Kachiwiri, pamene anali kunena kuti "msewu wanu" ndi "vuto lanu", anayamba kunena kuti "msewu wathu" ndi "vuto lathu". Pakagwa maliro anali kutumiza nkhuni ndi galimoto, nakakhala pansi pamodzi ndi amuna anzake, ngakhale kuti nyimbo sanali kuzimva.

M'nkhani imeneyi muli phunziro la mbali ziwiri. Mlendo akumbukire kuti walira mvula walira matope. Amene wakonda mchenga wopanda piringupiringu wa m'mizinda asadabwe kuti sitolo ya tchizi ili kutali. Asanaweruze eni mudzi ayambe wafunsa mbiri yawo, ndipo adziwe kuti minga imene yamubaya iye kamodzi, eni njira amaiponda tsiku ndi tsiku opanda nsapato.

Mwini mudzi nayenso asapse mtima msanga mlendo akadandaula, ndiponso asangoseka ndi kunena kuti ndi mmene zilili. Asankhe mawu ake monga mayi amasankhira mpunga m'lichero: mankhusu ataye, maso asunge. Ngati mlatho wagwa, wagweradi onse. Ngati mtengo pa msika usintha poona khungu la wogula, mbiri ya msikawo imapita kutali kuposa wogulitsa. Ndipo pakuti ndi mabanja ochepa pa Chintheche amene alibe mbale ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Harare, aliyense akamva mlendo ali kung'ung'udza akumbukire kuti usiku womwewo mwana wa m'mudzi mwake ali kudandaula m'dziko la eni, nafuna munthu womumvetsera.